ZA MADENGA A NYUMBA ZATHU: NTHAWI YA CIGAMBA NDI NTHAWI YOSASULA

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Bungwe lathu pamaso pa Mafumu ndi ziwalo zonse, nalembedwa m'kalata muno kuti akawerengedwe m'midzi.



 Nkhani imene a Komiti anatituma kuti tiitule pamaso panu lero ndiyo ya cinthu cimene tonsefe tigona pansi pace usiku uli wonse, ndilo denga la nyumba. Kapena ena adzayesa kuti nkhani yotere njocepa, yosayenera kuisonkhanira Mafumu monga tisonkhanira mirandu ya pabwalo ndi malire a minda. Koma tikumbuke kuti pansi pa denga pagona ana athu, pasungidwa mbeu ya caka ca mawa ndi cimanga ca banja lonse. Ndipo denga likagwera anthu usiku, uthenga wa maliro uyamba kufika pa khomo la mfumu.

Funso lathu ndi ili: kodi mwini nyumba adzadziwa bwanji kuti denga lace lifuna cigamba cokha, kapena kuti lafika pakuti alisasule lonse ndi kumanga lina? Pa nkhani imeneyi anthu alakwa m'njira ziwiri. Wina aona dontho limodzi nasasula denga labwino, nataya ndalama zimene zikadaphunzitsa mwana. Mnzace amata phula caka ndi caka pa denga limene linafa kale, nadzitonthoza kuti wakonza nyumba. Kulakwa kwaciwiriku ndiko kocuruka pakati pathu, ndipo ndiko kumene kutayitsa miyoyo ya anthu.

Sitinena izi monga anthu anzeru koposa anzathu, pakuti ife tomwe tinagwamo. Mudziwa nonse nyumba imene tisungiramo mabuku ndi mipando ya Bungwe. Dzinja liri lonse tinali kutuma mnyamata kukwera pamwamba ndi citini ca phula, ndipo tinasanjika njerwa m'mphepete mwa malata kuti asauluke. Tsiku lina mmisiri wa matabwa analowa m'katimo, natenga msomali, naukankha ndi cala cokha pa phaso lalikuru, ndipo msomali unalowa wonse monga m'dzungu lophika. Zaka zonsezo tinali kusamala malata, osadziwa kuti mitengo yosenza malatawo inatha kale ndi ciswe. Cimene tinaphunzira tsiku lija ndico tadza naco kwa inu.

I. Cifukwa cace nkhaniyi siyenera kucedwa.

Akuru amene muli pano mudzacitira umboni kuti dziko lathu laona mvula ndi mphepo zoopsa motsatizana. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri, makamaka ku Nsanje ndi Chikwawa. Mu Marichi 2019 kunadza mvula ya namondwe wochedwa Idai, ndi mu Januwale 2022 wina wochedwa Ana, amene anaononga ndi malo opangira magetsi a ku Kapichira. Mu Marichi 2023 anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndi namondwe Freddy ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kumwera; ndipo mu Disembala 2024 mphepo ya namondwe Chido inasasula madenga a nyumba ndi a sukulu. Tidziwa kuti ambiri amene anafa ndi Freddy anakwiririka ndi matope ndi miyala yocokera m'mapiri, monga ku Chilobwe patsinde pa phiri la Soche, ndipo palibe denga limene likadawapulumutsa. Koma zinalikonso nyumba zambiri zimene madzi osefukira sanazifike, zimene zinagwa cifukwa makoma ace anamwa madzi masiku ambiri. Pa nyumba zotere denga ndilo mlonda woyamba.

Tiyerekeze nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'mimba mwace. Kumene mvula igwa mamilimita 800 pa caka, monga m'madera ambiri a ku Lilongwe, madzi ogwera pa denga la nyumba imeneyo afika malita 32,000, ndiyo migolo 160 ya malita 200. Ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay acuruka koposa apo. Nchito ya denga ndiyo kutaya madzi onsewo kutali ndi khoma. Khoma la zidina, kapena la njerwa zomangira dothi, likhala lolimba pamene liri louma. Madzi akalowa pamutu pace lifewa m'kati, lingakhale kunja lioneka bwino. Cotero kudontha kwa pamwamba pa khoma nkoopsa koposa kudontha kwa pakati pa cipinda, kungakhale sikunyowetsa mphasa ya munthu.

II. Zigawo zitatu za denga, ndi njira zitatu za mwini nyumba.

Denga liri lonse liri ndi zigawo zitatu. Coyamba ndico cofunda, ndiwo udzu kapena malata. Caciwiri ndiyo mitengo: mtanda wa pamwamba, mapaso, mbariro kapena matabwa okhomerapo malata, ndi mtengo wogona pa khoma. Cacitatu ndizo zomangira: luzi, misomali, ndi waya wogwirizitsa denga ku khoma. Munthu woyenda pa mseu aona cofunda cokha, koma mphamvu ya denga iri m'mitengo ndi m'zomangira. Paja akuru anati, cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Njira za mwini nyumba nazonso ziri zitatu. Ngati mitengo iri yolimba, ndipo cofunda caonongeka pa malo amodzi kapena awiri, aikepo cigamba. Ngati mitengo iri yolimba koma cofunda conse catha, acotse cofunda cokha nasunge mitengo. Ngati mitengo yabvunda, asasule zonse, pakuti malata atsopano okhomedwa pa thabwa lofumbwa adzauluka ndi mphepo yoyamba, ndi misomali yao yomwe. Cifukwa ca ici kupenda kuyambire m'kati mwa nyumba, ndipo kukwera pamwamba kudze pambuyo.

Nthawi yabwino yopenda ndiyo ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene dzuwa liripo ndipo ndalama za zokolola sizinathe. Koma kukonzekera kwace kuyamba m'dzinja. Pamene mvula irikugwa, mwini nyumba atenge khala nalembe cizindikiro pa malo onse odontha. Atsate madziwo ndi maso kufikira kumene acokera, popeza madzi akalowa pa cibowo ayenda ndi phaso kutsika, nakadontha pa malo ena. Anthu ambiri amata pamene padontha, nasiya cibowo ceni-ceni ciri pamwamba.

III. Kupenda mitengo.

Mwini nyumba aime patali pang'ono nayang'ane msana wa denga. Uyenera kukhala woongoka monga cingwe cokoka. Ukapindika pakati monga msana wa bulu wosenza katundu, mtanda watopa kapena mapaso atsetsereka. Ayang'anenso makoma, ngati apendekera kunja pamwamba, kapena ming'alu yatseguka m'ngondya kuyambira pamwamba kutsika, ndiko kuti denga lirikukankha makoma m'malo mwa kukhala pa iwo, ndipo cigamba sicingathe kucita kanthu pamenepo.

Atatero alowe m'kati ndi nyali, nyundo ndi msomali wautali. Agogode mtengo uli wonse. Mtengo wamoyo ulira molimba, koma wodyedwa ndi ciswe ulira monga cikho copanda kanthu, popeza ciswe cidya m'kati nicisiya khungu lokha. Akankhe msomali pa mutu wa phaso pamene ligona pa khoma, pakuti pamenepo ndipo cinyezi cikhalitsa ndi kubvunda kuyamba. Afune-fune tinjira ta dothi timene ciswe cimanga pokwera khoma, ndi ufa wa mtengo wogwera pansi kucokera m'timabowo ting'ono-ting'ono, umene uli cizindikiro ca kufumbwa. Phaso limodzi kapena awiri akaonongeka, mmisiri angathe kuwacotsa kapena kukhomera thabwa lina pambali pao. Koma mtanda wa pamwamba, kapena mtengo wogona pa khoma, kapena mitu ya mapaso ambiri ikafewa, denga limenelo lafa, ndipo ana asagonenso pansi pace dzinja lina.

Makolo athu anali kudziwa mitengo imene ciswe ciiopa, monga muwanga, tsanya ndi naphini, ndipo nyumba zazikuru zakale zinamangidwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene Boma linaucha mtengo wa pfuko lathu m'caka ca 1984. Lero mkungudza wokhwima watsala pang'ono kutheratu pa phiri lace cifukwa ca kudula kosaleka, ndipo mitengo ina ija yasowa m'midzi yambiri. Madenga a masiku ano amangidwa ndi bulugamu ndi matabwa a paini, monga a ku Chikangawa. Paini ndi mtengo wabwino wopepuka, koma ukakhala wopanda mankhwala ciswe ciukonda koposa. Cotero munthu asayese kuti denga lace lidzakhala zaka zimene linakhala la agogo ace.

IV. Za malata.

Lata ndi citsulo copyapyala cokutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndiyo iletsa dzimbiri. Ikayamba kutha, lata lituwa. Ikatha, dzimbiri lofiira lionekera pamwamba. Pambuyo pace dzimbiri lidya citsulo nilibowola. Lata lotuwa, kapena la dzimbiri la pamwamba lokha, likali ndi moyo: alikwece ndi burashi ya waya, alitsuke, nalipake utoto wa malata. Koma utoto subweza citsulo cimene cadyedwa kale.

Zobvuta zimene cigamba cikwanira nzotere: msomali wazuka kapena mphira wace watha; nthambi ya mango yagwera lata limodzi niliboola; lata lophimba msana wa denga lasendera; kapena padontha pa mvula ya mphepo yokha cifukwa malata sanapitirirane mokwanira. Dziwaninso kuti madontho amene agwa m'mamawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kopanda mvula, ndi thukuta la malata ozizira. Mankhwala ace ndiwo kulowetsa mpweya m'nyumba, ndipo phula siligwira nchito pamenepo.

Zizindikiro za malata akufa nzotere. Mukatseka zitseko ndi mazenera masana, kuwala kulowa pa timabowo tambiri-mbiri monga nyenyezi, pa malata ambiri. Pamene malata apitirirana, dzimbiri likanganuka monga makungwa, pakuti pamenepo madzi akhalitsa osaoneka. Mabowo a misomali akula kotero kuti mutu wa msomali upyola. Nsonga za malata za kukhonde zathetheka, ndipo lata liphwanyika mukalipinda ndi dzanja. Malata a pa khichini, ndi a pamwamba pa matumba a feteleza, ndi amene masamba a mitengo aunjikana pa iwo, ndiwo ayamba kufa.

Tsono mwini nyumba awerenge malata ace onse, nawerengenso akufa. Muyeso umene ife tiupereka ndi uwu. Pa denga la malata 30, ngati akufa ali 4 kapena 5, ndipo ali pamodzi pa malo amene cifukwa cace cidziwika, monga pamwamba pa moto, asinthe amenewo okha. Koma ngati afika 10, ndipo ali obalalika m'mbali zonse, akumbuke kuti malata onsewo anagulidwa tsiku limodzi, naombedwa dzuwa limodzi ndi mvula imodzi. Otsalawo alikutsata anzao, ndipo kusintha limodzi-limodzi ndiko kulipira mmisiri kakhumi pa nchito imodzi. Ndipo tinene poyera za miyala ndi njerwa zimene tisanjika pa madenga. Munthu wosanjika miyala wabvomera yekha kuti misomali yace siigwiranso. Miyalayo ilemetsa matabwa otopa kale, isunga cinyezi pa lata, ndipo mphepo ikakula igwera anthu amene alikuthawa m'nyumbamo.

V. Za udzu.

Tisapeputse denga la udzu. Lizizira masana, lifunda usiku, silisokosa ndi mvula, ndipo likafoleredwa mokhuthala ndi mmisiri wodziwa, monga tiona pa nyumba za alendo za m'mbali mwa nyanja, likhala zaka zambiri. Cimene cipha udzu msanga ndico denga logona. Madzi ayenera kuthamanga pa udzu osaima. Muyeso wace ngwosabvuta: kutalika kwa denga kuyambira pamutu pa khoma kufikira pa mtanda kusacepere theka la kupingasa kwa nyumba. Nyumba ya mamita 4 m'mimba mwace ifuna denga lokwera mamita 2 kapena kuposa. Denga logona koposa apo lidzadontha ngakhale mulifolere caka ndi caka, ndipo mankhwala ace ndiwo kumasula mapaso ndi kuwaimika bwino.

Popenda udzu, lowetsani dzanja pakati pace nimusolole pang'ono. Ukaturuka wacikasu, wouma, wothyoka molira, ngwamoyo, ndipo malo amene mphepo, makoswe kapena nkhuku zafukula angathe kutsekedwa ndi mitolo yowerengeka. Ukaturuka wakuda, wonyowa, wopfupfutika m'manja, wa pfungo la manyowa, watha. Onaninso ngati pamera bowa kapena ndere, ngati pali makwawa pamene madzi adzikumbira njira, ndi ngati luzi liduka mukalikoka.

Cizolowezi cathu ndico kuyala udzu watsopano pamwamba pa wakale caka ciri conse. Pa udzu wamoyo nkwabwino. Pa udzu wobvunda nkoopsa, popeza wakalewo usunga madzi monga cinkhupule, nubvunditsa watsopano ndi mbariro zomwe, ndipo kulemera kwa udzu wonyowa wa zaka zambiri kuthyola mapaso pakati pa dzinja, nthawi imene udzu wina sungapezeke. Pepala la pulasitiki loyala pansi pa udzu lithandiza kuletsa madontho, koma libisa kubvunda. Cotero nyumba yosadontha iyeneranso kupendedwa.

VI. Za madenga a asibesito.

Pali nyumba zina zakale, makamaka m'matauni ndi m'mafamu, zofoleredwa ndi mapale otuwa a simenti yosanganiza ndi asibesito. Abale athu okhala ku Zimbabwe awadziwa bwino, pakuti mwala umenewu unali kukumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, kumene makolo athu ena anagwira nchito ya m'migodi. Masiku ano cadziwika kuti pfumbi la asibesito likalowa m'mapapo libala khansa ndi nthenda zina zosacizika, zimene zionekera patapita zaka 20 kapena kuposa. Cifukwa ca ici dziko la Britain linaletsa asibesito yense m'caka ca 1999, ndi South Africa m'caka ca 2008.

Pa denga lotere langizo lathu lisiyana ndi la malata. Likakhala lathunthu, losasweka, lilekeni liri comweco. Musalikwece ndi burashi, musaliboole, musaliceke ndi sowo. Likayamba kusweka ndi kunyenyeka, lafika pocotsa, koma asalicotse anyamata wamba. Mwini nyumba ayambe wafunsa a zaumoyo a ku Boma. Mapale anyowetsedwe ndi madzi, atsitsidwe athunthu osaponya, ogwira nchito achinge mphuno ndi pakamwa, ndipo ana akhale kutali. Zidutswa zace zisakafoleredwe pa khola kapena pa bafa. Munthu asapondenso pa mapale amenewa, popeza akakalamba aphwanyika mwadzidzidzi.

VII. Za kuwerengera ndalama.

Tidziwa yankho limene liri m'mitima ya ambiri: mau nzabwino, koma malata adula. Nzoona. Koma munthu akhale pansi ndi mkazi wace, nawerenge zimene denga lodontha lawadyera zaka zitatu zapitazo: phula, misomali, malipiro a okwera pamwamba, mabulangete obvunda, mabuku a ana, ndi matumba a cimanga ndi mtedza amene anacita cuku. Cimanga ca cuku sicitayitsa ndalama zokha, pakuti ululu wace uononga ciwindi ca amene acidya. Aonjezepo mtengo wa kumanganso khoma likagwa. Akapeza kuti zigamba za zaka zocepa zirikuyandikira mtengo wa denga latsopano, adziwe kuti alikugula denga pang'ono-pang'ono koma osalilandira.

Wosakhoza kugula zonse tsiku limodzi agule malata owerengeka pa kukolola kuli konse, kapena polandira gawo lace ku banki m'khonde. Ticenjeza za kusunga ndalama m'thumba zaka zambiri, pokumbukira kuti kwaca inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya m'sitolo inakwera pomwepo. Lata losungidwa bwino silitsika mphamvu. Koma aliimike pa malo ouma, pa matabwa, kutali ndi feteleza. Malata ounjikidwa pansi ali onyowa ayamba kuonongeka asanakwere pa denga. Ngati mitengo iri yolimba, angathe kusintha mbali imodzi ya denga caka cino, ndi mbali inzace caka ca mawa, kuyambira mbali imene mvula ya mphepo imenya.

Pogula, kumbukirani kuti pa malata nambala yaikuru ndiyo lata lopyapyala: la geji 32 licepa mphamvu kwa la geji 28. Musakhulupire mau a wogulitsa okha. Funani cizindikiro ca bungwe la Boma loona za miyeso ya katundu, la Malawi Bureau of Standards, nimuyese lata ndi dzanja poyerekeza ndi lina. Safunsa anadya phula.

VIII. Posasula, tisabwereze kulakwa kwakale.

Pambuyo pa zibvomezi za ku Karonga mu Disembala 2009, Boma linalemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo amisiri ophunzira awadziwa. Cacikuru cimene tiyenera kumvetsa ndi ici, kuti mphepo siikankha denga pansi, koma iliyamwa m'mwamba, makamaka m'mphepete ndi m'ngondya. Cotero lata ligwire thabwa, thabwa ligwire phaso, phaso ligwire mtengo wa pa khoma, ndipo mtengowo umangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Mfundo imodzi ikasowa pa unyolo umenewu, zina zonse nzacabe.

Misomali ikhomedwe pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo icuruke m'mphepete ndi pa msana wa denga. Malata apitirirane m'mbali msana umodzi ndi theka, ndi m'litali masentimita 15 kapena kuposa. Denga lotsetsereka mbali zinai lipirira mphepo koposa la mbali ziwiri. Denga liturukire kunja mokwanira kuchinga khoma ku mvula. Koma khonde lalikuru likhale ndi denga lace-lace, kuti mphepo ikalinyamula isatenge ndi denga la nyumba. Matabwa apakidwe mankhwala a ciswe asanakwere. Ndipo popeza denga liri lotseguka kale, imeneyo ndiyo nthawi yotseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, umene uli khomo lalikuru la udzudzu wa malungo, ndi kuika sefa pa mazenera kuti mpweya uzilowabe. Okwera pamwamba aponde motsata mzere wa misomali pamene pali thabwa, asakwere malata ali onyowa, ndipo kumene kuli magetsi ayambe azimitsidwa.

IX. Zimene tipempha kwa Mafumu ndi kwa ziwalo.

Mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu makolo anaunena poona anthu a mudzi wonse alikunyamula denga la nkhokwe kapena la nyumba kukaliika pa malo pace. Tsono tiika zopempha izi pamaso panu, kuti msonkhano uzikambirane.

1. Kuti mfumu iri yonse isankhe amuna awiri kapena atatu odziwa za mitengo, pamodzi ndi mmisiri, ayendere nyumba za m'mudzi m'mwezi wa Ogasiti, ndi cilolezo ca eni ace, nauze mwini nyumba mosabisa njira imene iyenera denga lace mwa njira zitatu zija.

2. Kuti Mafumu aletse kutentha chire kufikira udzu wofolera utamwetedwa, m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Moto wa osaka mbewa utha m'tsiku limodzi udzu umene ukadafolera mudzi wonse, ndipo amai ayenda mitunda yaitali kukagula udzu umene unali kuseri kwa nyumba zao.

3. Kuti nyumba za nkhalamba, akazi amasiye, ana amasiye ndi olumala ziyambe kuonedwa, ndi kuti eni mbumba afunsidwe pabwalo za madenga a alongo ao ndi amai ao. Mwambo wa dima, wa kugwirira pamodzi nchito ya mnzathu pa mtsuko wa thobwa, uukitsidwe pa nchito imeneyi.

4. Kuti makomiti a sukulu, a machalichi ndi a mizikiti apende madenga ao mvula isanayambe mu Novembala, popeza pansi pa denga limodzi la sukulu pakhala ana a midzi yambiri.

5. Kuti banja liri lonse libzale mitengo ya mapaso ndi nsungwi m'malire a munda wace, kuti ana athu adzapeze pomangira.

6. Kuti ife a Bungwe tiyambe ndi nyumba yathu yomwe, tisanalangize ena. Mtengo wa matabwa ndi malata mlembi adzauwerenga pa msonkhano ulinkudza, ndipo ziwalo zidze zitakonzeka kusonkha.

Mafumu athu, inu ndinu amene anthu amvera mau anu. Mukanena pabwalo kuti kusasula denga lakufa si manyazi, ndi kuti kufolera ndi udzu wabwino kuposa kugona pansi pa malata obooka, anthu adzamva. Tipempha kuti ali yense wolandira kalata iyi aiwerengere anzace osadziwa kuwerenga, ndi kuti pobwerera kwanu madzulo ano mutenge nyali ndi msomali, nimuyese mapaso a nyumba zanu.

Mau athu athera pamenepa.